Sikirini ya Ababa

1. Chenjezo la a Fyuzi

A Fyuzi, okonza mawailesi a pa ngodya ya msewu, ananena kale. Ananena sikirini ya kompyuta ikadali moyo, tsiku lomwe anabwera kudzalembetsa kalata.

"Mayi," anatero, akuloza ndi chala chawo cha zipsera, "mwaona mmene ikufiirira ikamayaka? Kumeneku ndi kudwala. M'kati mwakemu muli nyale zoonda ngati udzu, ndizo zimawalitsa zonse mumaonazi. Zikayamba kufiira ndiye kuti zatopa. Musamaisiye chiyakire tsiku lonse, komanso musamaimenye. Ndakuonani mukuiwomba khofi ngati mwana wakuba shuga. Ndipatseni ndikaione isanafe. Wodwala amachizika akadayenda yekha. Akagona, sing'anga amangosenza mlandu."

Amayi anaseka. "Tamva, bambo. Ikachepa ntchito tibwera nayo."

Ntchito sinachepe. Sikirini ikaphethira, amayi ankaiwomba pambali, phaa! iyo n'kuwala. Phwiti, mwana wawo wamkulu amene anali ku sekondale, naye anaphunzira khofi lomwelo. Ngakhale Toto, mng'ono wake wa zaka zitatu, ankakwera pampando n'kumenya ndi kadzanja kake, onse n'kumaseka. Panalibe wokumbukira kuti kuseri kwa tebulolo kunali nthambo za magetsi, ndiponso kuti mwanayo anali wosavala nsapato.

Tsiku lina m'mawa, amayi akulembera munthu kalata yofunsira ntchito ya ulonda, sikirini inaphethira, inafiira, n'kuzima. Anaiwomba. Zii. Anaiwombanso. Kanyale kobiriwira ka m'munsi kanali kakuyakabe, bokosi la pansi pa tebulo likung'ung'uzabe monga mwa masiku onse, koma galasi linali bii.

2. Tebulo la ababa

Kompyutayo inali ya bambo ake a Phwiti, amene anamwalira dzinja lapitalo. Ankalembera anthu makalata m'chipinda chakutsogolo, ndipo iwo atapita amayi ndiwo anatenga mpando.

Ababa ankalemba ndi zala ziwiri zokha, koma mwaliwiro, ngati nkhuku zikujompha chimanga. Phwiti ali wamng'ono ankakhala pa dzanja la mpando wawo n'kumalongolola osapuma, n'chifukwa chake anamutcha dzina la kambalame kaja. Anamupatsanso ntchito yakeyake. Chiganizo chikatha ankakweza manja m'mwamba n'kunena kuti, "Bwana wamkulu, tsekani!" Phwiti ankadina mpumiro ndi chala chimodzi, wolembetsa kalata n'kuwomba m'manja.

Pa ngodya ya sikiriniyo panali kanyenyezi ka pepala komwe aphunzitsi anamumata pachipumi atakhoza masamu koyamba. Iye anakamatula n'kukamata pamenepo, ndipo ababa ankapukuta fumbi mozungulira kuti kasachoke. Pa batani loyatsira utoto unali utasuluka ndi chala chawo chachikulu. Madzulo aliwonse ankaifunditsa nsalu yakale ya pilo, ya maluwa achikasu, amvekere, "Nayonso igone, yagwira ntchito."

Kompyuta ikangoyaka, chithunzi choyamba kuoneka chinali cha ababa atanyamula Toto pamapewa, akuseka mpaka dzino lawo lobenthuka kuonekera. M'kati munali zithunzi zina zambirimbiri, ndi kakanema kamodzi komwe ankaimba molakwitsa nyimbo ya tsiku lobadwa. Kwina kulikonse kunalibe. Foni yawo inasowa m'masiku a chipatala.

Toto sankawakumbukira ababa a thupi ndi magazi. Ankadziwa a pagalasiwo. Asanagone ankati, "Ababa, gonani bwino," n'kupsompsona galasi, kusiyapo malovu.

Madzulo a tsiku limenelo anaima patsogolo pa mdimawo nthawi yaitali.

"Ababa apita kuti?"

"Akugona," anatero amayi. "Tiye nawe ukagone."

"Toto!" anakana mwanayo, monga ankakanira chilichonse. Analira mpaka tulo tinamugonjetsa.

3. Tochi

A Fyuzi anabwera mawa lake. Sananene kuti "ndinanena." Anangoyang'ana amayi pamwamba pa magalasi awo, ndipo amayi anayang'ana pansi.

"Mwana wanga, tseka makatani," anauza Phwiti.

Anayatsa kompyuta, n'kutulutsa katochi m'thumba la malaya. Anakagunditsa pagalasi chopendekera.

"Bwerani muone."

Pamene panagwera kuwalapo panaoneka diso. Anasuntha tochi, panaoneka mphuno, kenako dzino lobenthuka lija. Zinkaoneka mwachizimezime, ngati munthu waima m'chipinda chopanda zenera.

Amayi anagwira pakamwa. "Ali momwemo," ananong'ona.

A Fyuzi sanamve, anali akuzimitsa tochi. Koma Phwiti anamva.

"Galasi ndi lamoyo, zafa ndi nyale," anatero a Fyuzi. "Tsono mverani. Njira zilipo ziwiri. Kukonza n'kotheka. Mwina chatopa ndi kabolodi koyatsa nyalezo, pamenepo ndi ntchito yochepa. Koma mmene inkafiirira muja, ine ndikukayikira nyale zenizenizo, ndipo za mtundu wakalewu anasiya kupanga. Ndiyenera kukazisaka m'zakufa zinzake, ndipo ndikapeza zidzakhala zotopanso. Mukandifunsa ngati mnansi, ndinena kuti pezani ina, iyi muisunge pa kabati. Mukandifunsa ngati wokonza, ndinena kuti dikirani. Mawa ndikupita kukaona mwana wanga kutali, ndikafunsafunsa komweko. Ndibwera sabata yamawa."

Atafika pakhomo anatembenuka n'kuloza Phwiti.

"Iwe, ndikudziwa maso amenewo. Ana a masiku ano mukaonera kakanema pafoni mumati mwamaliza sukulu. Usaitsegule. Ngakhale utazula pakhoma, m'katimo mumatsala moto wobisala, umaluma ngati galu wosauwa. Nyalezo ndi galasi lopyapyala, ndipo zikasweka mumatuluka poizoni wosaoneka ndi maso. Muno muli mwana wosewera pansi n'kumatola chilichonse. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

"Mayi akonso anati amva."

4. Mphatso ya amalume

Loweruka kunafika amalume, achimwene awo a amayi, amene ankayendetsa galimoto pa ofesi ina m'tauni. Analowa akupuma wefuwefu, chikatoni chili pamimba.

"Chemwali, pukuta misozi! Ku ntchito asintha makompyuta, ndiye abwana akuti tenga sikirini imodzi. Taona kupyapyala kwake, ngati mbale. Osati chigogo chakochi."

Anaiika patebulo. Inali yakuda, yonyezimira, yopanda kanyenyezi, yopanda chala cha munthu aliyense.

"Nanga yakaleyi?" anafunsa Phwiti.

"Anyamata otola zitsulo aja sadutsa kuno? Muwapatse. Kapena Toto aziyesa wailesi ya kanema ya zidole zake." Amalume anaseka okha, n'kuwerama kuti azule nthambo.

"Dikirani, achimwene!" Amayi anawagwira mkono. "Zithunzi za bambo a ana zili m'menemo. Ndawaona ndi maso angawa."

"Aa, iwe! Anyamata a ku ofesi anandiuza kuti zonse zimakhala m'chibokosi chapansichi. Galasili ndi zenera chabe." Anakanda m'mutu. "Ndikuganiza anatero. Ine zanga ndi matayala. Phwiti, suja umaphunzira zimenezi kusukulu? Tawauza mayi ako."

Phwiti ankadziwa. Aphunzitsi anali atajambula pa bolodi, ndipo pa mayeso iye anakhoza funso limenelo. Amalume ankanena zoona.

Anayang'ana kanyenyezi kaja. Anayang'ana batani losuluka. M'maganizo mwake anaona anyamata otola zitsulo akuponya sikiriniyo m'ngolo pamodzi ndi mapoto obooka.

"Zili m'sikirinimo," anatero. "Mukazula nthambo yake n'kulumikiza ina, zonse zifufutika."

"Zoona?" anafunsa amayi.

"Zoona, amayi. Tinaphunzira."

Amayi anatenga nsalu ya maluwa achikasu n'kufunditsa sikirini yakale, kenako anaima patsogolo pake ngati nkhuku yofungatira anapiye.

"Tiyese kamodzi kokha," anachonderera amalume.

"Muyesere pa mwamuna wanga? Zikafufutika mukawatenga kumanda?"

Nkhope ya amalume inagwa. Anabwezera sikirini yawo m'katoni pang'onopang'ono.

"Chemwali, ine ndabwera nayo pamiyendo ulendo wonse, anthu akundiponda m'basi. Sindinabwere kudzapha mlamu wanga kachiwiri. Nanenso ndinkamukonda. Koma ndikuuze, munthu sadya chikumbutso. Anthu a makalata sadikira maliro a galasi, apita kwina, ndipo akazolowera kwina sabwerera. Ana awa akufuna mayi wogwira ntchito, osati mlonda wa chinthu chakufa. Poti mwana wophunzira wanena, ine mbuli ndatseka pakamwa. Mnzanga wa ku ntchito wakhala akundilirira chinthu chimenechi. Lolemba ndikamupatsa, iye akathokoza."

Anakana tiyi. Potuluka anasisita Phwiti pamutu. "Uzilimbikira sukulu, bwana wamkulu. Ukutithandiza."

Phwiti akanakonda amalumewo akanangomumenya.

5. Mpeni wa pakhitchini

Madzulo omwewo kunabwera mayi wina wofuna makhadi a ukwati. Anabwerera. Kunabweranso mnyamata wa kalata ya sukulu, amayi anamulozera kwina. Nthawi yogona itakwana, amayi anatseka makatani, anayatsa tochi ya foni, n'kunyamula Toto kuti aone diso la ababa.

"Ababa akubisala," anatero Toto. "Atuluke!"

Phwiti anatuluka m'chipindamo.

Lamulungu masana amayi anabereka Toto kupita kukazonda mnansi wodwala. Foni anaisiya ikutchajidwa. Phwiti anaitenga n'kupeza kakanema ka munthu wina amene ankatsegula sikirini akumwetulira. M'manja mwa munthuyo zonse zinkaoneka zophweka ngati kusenda nthochi. Ngati vuto linali kabolodi kaja, mwina kawaya kanangosomoka. Akanakabwezera, ababa akanawala, ndipo bodza lake likanafa lokha popanda wolidziwa.

Anazula nthambo zonse. Anagoneka sikirini chafufumimba pamphasa, n'kumasula timisomali topota ta kumbuyo. Chivundikiro chinakana kuchoka. Munthu wa m'kanema anali ndi kachida kapulasitiki kotsegulira. Phwiti analibe, ndiye anakatenga mpeni wosendera mbatata.

Analowetsa nsonga m'mphako n'kupotokola. Thwa! Mbali imodzi inatseguka. Thwa! Inanso. M'kati munali fumbi la zaka zonse za ababa, ndi fungo lofunda lomwe chipindacho chinkakhala nalo kale iwo akagwira ntchito tsiku lonse. Analinunkhiza kaye.

Kenako anatembenuza galasi kuti aone kunsi kwake. Dzanja lamanzere analowetsa pansi pa kabolodi, lamanja likadali ndi mpeni.

Moto uja unamuluma.

Unalowera ku chala n'kukafika m'chigongono ngati wamenyedwa ndi chitsulo. Anakuwa, thupi lonse linadzidzimuka, ndipo mpeni unatera pakati pa galasi. Mng'alu unathamanga kuchoka pakati kukafika m'ngodya, n'kubala ana. Pansi pa ming'aluyo panayamba kufalikira chinthu chakuda ngati inki. M'mphepete munamveka kaphokoso kena kakang'ono, ndipo tizidutswa toyera ta nyale tinagwera pamphasa.

Chitseko chakunja chinalira.

"Ababa atuluka!" anafuula Toto, amene amayi anali atangomutsitsa kumsana. Anathamanga chopanda nsapato kulunjika pamphasapo.

Phwiti anamuwakha m'malere n'kumutulutsa panja. Anatsegula mawindo onse. Atabwerera anapeza amayi atagwada pambali pa mphasa, manja ali pamutu.

6. Mawu osagwira

Amayi sanakalipe. Choyamba anagwira dzanja la Phwiti n'kulitembenuza uku ndi uku.

"Wapsa?"

"Ayi."

"Ukunama, chala chatuwa. Kachiviike m'madzi."

Anakulunga mphasa yonse ndi magalasi ake, atavala mapepala apulasitiki m'manja, n'kukaiika pamwamba pomwe Toto sakanafikira. Anakolopa pansi kawiri. Atatha zonsezo m'pamene anakhala pampando wa ababa, patsogolo pa tebulo lopanda kanthu, n'kuyamba kulira. Sanalire chonchi ngakhale tsiku la maliro, chifukwa tsiku lija kunali anthu owayang'ana.

"Ndinkati Toto akadzakula ndidzamuonetsa," ankatero. "Ndinkati adzamva mawu awo akuimba. Tsopano ndidzamuuza chiyani? Kuti bambo ako anali wamtali? Aliyense bambo ake anali wamtali."

Phwiti anagwada n'kugwira maondo awo.

"Amayi, zithunzi zilipo. Zili m'bokosimu. Amalume ankanena zoona. Ine ndinanama."

Amayi anamuyang'ana ndi maso ofiira, n'kumusisita tsaya.

"Usatero, mwana wanga. Ndikudziwa ukufuna kunditonthoza."

"Ayi, amayi, ndikulumbira! Sikirini ndi zenera chabe. Sindinkafuna kuti aitaye, n'chifukwa chake..."

"Dzulo unati munaphunzira. Lero wathyola, ndiye maphunziro asintha? Ine ndinawaona m'galasimo ndi maso anga. Nthambo wazula, galasi waswa. Usandinyengerere ngati Toto." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yawo. "Ndimvere, Phwiti. Kuswa chinthu si mlandu waukulu, manja amalakwa. Ndikuthokoza kuti moto uja wakusiya wamoyo. Koma usazolowere kusintha mawu kuti agwirizane ndi nyengo. Munthu wotero, tsiku lomwe nyumba ikupsa, amakuwa anthu n'kumangotembenuka pa mphasa. Bambo ako analembera anthu makalata zaka zonse zija, ndipo munthu akawauza kuti alembe zabodza ankamubwezera pepala lake. Zapita, zapita. Tizilira zoona, osati kuseka zabodza."

Anadzuka n'kutenga nsalu ya maluwa achikasu. Poti panalibenso choti afunditse, anafunditsa bokosi lija.

"Mawa ndikaliika m'katoni. Ndisamalionenso. Ndipo wina asalikhudze."

Mawu onse omwe Phwiti anali nawo anali atawawononga dzulo. Ababa anali pomwepo pansi pa nsaluyo, akuseka, Toto ali pamapewa, ndipo m'nyumba monse munalibe munthu woti amukhulupirire. A Fyuzi anali kutali. Amayi sakanamvanso za m'kamwa, ankafunika kuona ndi maso.

Anayesa kuimbira amalume amayi ali kubafa. Foni inaitana mpaka kuduka. Anayesanso, inadukanso. Amalume akakwiya ankaisiya m'thumba la jekete n'kuiwala dala.

Mawa linali Lolemba. Amalume ankanyamuka kupita ku ntchito dzuwa likangotuluka, ndipo chikatoni chija chikanapita nawo.

Dzuwa litalowa, Phwiti anatsuka mbale n'kusambitsa Toto. Anasita yunifolomu monga ankachitira Lamulungu lililonse, amayi akumuona. Koma m'chikwama cha sukulu anatulutsamo mabuku n'kuikamo juzi ndi nthambo yabuluu yolumikizira sikirini, kuti akaone ngati ikulowa pa ya amalume. Nsapato anaziika panja, kuseri kwa ndowa, kuti zisadzalire pansi.

Kwa amalume anali atapitako kamodzi kokha, ali pamiyendo pa ababa, ndipo chomwe ankakumbukira chinali geti lobiriwira ndi galu wa khutu limodzi. Sanakwerepo basi yekha. Sankadziwanso kuti akakafika adzayamba ndi mawu ati pamaso pa munthu amene anamusandutsa mbuli m'nyumba ya mlongo wake.

"Phwiti," anaitana amayi ali kuchipinda, "wakhoma chitseko?"

"Ndikukhoma, amayi."

Anakhoma, koma kiyi sanakamupachike pa msomali wa kuchipinda kwa amayi monga mwa lamulo la nyumbayo. Anamufumbata m'dzanja lopsa lija. Basi yoyamba inkadutsa pa ngodya ya a Fyuzi kusanache, ndipo iye anatsimikiza kuti ikamupeza ataima pamenepo.